Tiyi Wosalembedwa pa Chipepala

Lachiwiri, pa 4

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi nambala 6, pafupi ndi sinki ya mpopi wodontha. Ndikulemba kumapeto kwa kabuku kanga ka miyezo, poti ndi kokhako kamene kanali m'chikwama pamodzi ndi tepi. Kutsogolo kuli ziuno ndi mapewa a makasitomala, kumbuyo kuno kukhala matenda a telala mwiniwake.

Miyendo yatupa moti nsapato zinandikana Lachisanu, ndabwera m'masilipasi a bambo a kunyumba. Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, adina chala pamwendo panga, dzenje lakhala pompo osabwerera. Ati impso zanga zatopa, sizikutulutsa madzi mokwanira, ndipo madziwo akapitiriza kuchuluka akwera mpaka m'mapapo.

Malamulo: zakumwa zisapitirire mamililita 800 pa tsiku. Mchere ayi. Jakisoni wokodzetsa m'mawa uliwonse. Mkodzo wonse m'botolo loyezera.

Sikelo: 71.4. Akakolo ndadziyeza ndekha ndi tepi yanga: kumanja 31, kumanzere 30 ndi theka. Ndili ndi mantha, ndisabise.

Lachitatu, pa 5

Sikelo: 71.3.

Tsiku la muno limayamba ndi namwino amene odwala anamutcha Kachangu, chifukwa amayenda ngati pansi pakutentha. Amatikweza pa sikelo tisanasukusule n'komwe, kenako jakisoni, kenako jagi. Jagi yanga waijambula mzere wofiira, ndipo madzi a tsiku lonse athera pamzerewo. Kapu iliyonse imene ndamwa amailemba pa chipepala chopachika kuphazi kwa bedi.

Pa bedi nambala 5 pali mayi wopuma ntchito amene tonse timati Aphunzitsi. Ankaphunzitsa masamu. Ali ndi bala la shuga kuphazi, koma maso alibe matenda, palibe chimene chimawadutsa.

Ludzu ndiye landizunza. Pofika 11 koloko kukhosi kunali kutauma gwa, ndipo mpopi uja ukungodontha dala pafupi ndi khutu langa.

Masana abwera bambo pa njinga, m'zikhadabo muli dothi. Ntchito yawo ndi yosamalira maluwa pa maofesi ena. Ayang'ana uku ndi uku, atulutsa fulasiki yabuluu m'kati mwa juzi.

"Mayi, imwani akadali wotentha."

"Bambo, ati madzi ndichepetse."

"Madzi, inde. Koma uyu ntchito yake n'kuthamangitsa madziwo. Mwaiwala mmene mumapitira kukataya madzi pafupipafupi mukamumwa? Chinthu chochotsa madzi angachiwerengere bwanji pamodzi ndi madzi?"

Ndi tiyi wawo uja wa tizipatso ta rozi. Duwa likayoyoka pamatsala katsinde kotupa kamene kamafiira kakapsa. Kuntchito amawauza kuti azidula maluwa ofota, ndiye iwo anabzala zitsamba zawozawo zisanu ndi chimodzi kuseri kwa nyumba yathu, ndipo pamenepo sadulapo kanthu. Kakapsa amakathyola, n'kukang'amba pakati ndi mpeni, n'kupala njere ndi tiubweya toyabwa ta m'kati, kamodzikamodzi, kenako n'kuyanika pa thumba. Anamva kwa mnzawo wa kuntchito kuti muli vitamini C wambiri ndipo amathandiza mfundo za mafupa. Chaka chino n'chachitatu ndikumwa. Mawondo anga, amene ankalira ndikapalasa makina osokera, anayamba kumvera. Kaya ndi tiyiyo, kaya n'chiyani, koma m'nyumba mwathu ulemu unapita kwa tiyi.

Ndamwa makapu awiri iwo akuona. Wowawasa, wofiira bwino. Wotsalayo ndabisa m'kalokala, ndamaliza madzulo. Andisiyiranso tizipatso touma todzaza dzanja mu kampango, ati ndizinunkhiza ndikawasowa. Munthu wa zaka 34 m'banja, koma zoterezi amazinena atayang'ana pansi.

Lachinayi, pa 6

Sikelo: 71.8. Akakolo 31 ndi theka.

Adokotala ayang'ana chipepala nthawi yaitali. Zolowa 800, zotuluka 900. Awonjezera mphamvu ya jakisoni. Anditenganso magazi, machubu awiri.

Moyang'anana ndi ine muli mayi wina wa paipi pakhosi, yomatidwa ndi pulasitala. Katatu pa sabata amamutenga pa njinga ya odwala kupita ku makina osefa magazi, amakhalako maola anayi. Lero wabwerako nkhope itatuwa, osayankhula ndi aliyense, wangotembenukira kukhoma. Ndafunsa Kachangu ngati munthu akayamba makinawo amadzasiya.

"Ena amasiya, mayi. Ena ayi."

Wapitirira ku bedi lina.

Fulasiki: yonse.

Lachisanu, pa 7

Sikelo: 72.3. Akakolo 32 ndi theka. Mphete yandithina, aichotsa ndi sopo.

Namwino wamkulu lero walanda tchipisi ndi nyama yootcha kwa alendo a bedi nambala 2, ati mchere wake ungaphe ng'ombe. Wodi yonse yanunkhira kwa mphindi khumi, tonse malovu m'kamwa. Ine changa ndi mpunga wopanda mchere ndi kabichi wowiritsa. Bambo ataona kulandako akankhira fulasiki pansi pa bulangete langa, nkhope ili bwinobwino ngati m'busa.

Zala zawo zili ndi timabala ta minga. Ati adzuka m'mawa kwambiri kupala tizipatso tatsopano, poti touma tija tikutha.

"Musadzivutitse choncho, bambo."

"Ndiye ndizichita chiyani? Jakisoni sindidziwa kubaya. Chimene ndimadziwa ine ndi ichi."

Atapita, Aphunzitsi atembenuka pang'onopang'ono.

"Anzanga, amuna anu amakukondani."

"Amayesetsa."

"Ndaona. Amayesetsa tsiku lililonse, m'chinthu chabuluu."

Ndaseka, iwo sanaseke.

Loweruka, pa 8

72.9. Akakolo 33.

Kupita ku bafa n'kubwerera, befu ngati ndakwera phiri. Ndikugonera mapilo atatu kuti ndizitha kupuma. Masana andiika mpweya wa m'mphuno.

Adokotala kulibe lero, wabwera wina wachinyamata, wamvera kumsana, wati m'munsi mwa mapapo muli madzi pang'ono.

Ludzu silinachepe. Fulasiki yonse.

Lamlungu, pa 9

73.4. Tepi sindinaigwire, kuwerama kukundibanikitsa.

Alendo adzaza wodi, mafuta onunkhira ndi malalanje ponseponse. Bambo abwera ndi mwana wathu wamkazi, amene wanditengera diresi yotakasa poti zina zonse zandithina. Telala kusowa chovala chomukwana, zamanyazi.

Bambo aona mpweya uli m'mphuno, nkhope yawo yagwa. Andigwira phazi, dzanja lawo lasiya chidindo.

"Ndiye kuti tiyiyu akuchepa. Kuyambira mawa ndizibweretsa kawiri, masana ndi madzulo."

Ndinafuna kunena kanthu. Koma munthuyu anali atayamba kale kuwerenga pa zala tizipatso totsala pa zitsamba zake, ndipo kwa nthawi yoyamba lero maso ake anali ndi moyo. Ndangogwedeza mutu.

Alendo atatuluka, Aphunzitsi andiitana motsitsa mawu.

"Ine ndinaphunzitsa masamu zaka 30. Ndiloleni ndifunse funso limodzi, mukafuna munditukwane. Fulasiki ija imalowa makapu angati?"

"Asanu."

"Nanga jagi ya mzere wofiira?"

"Anayi."

"Basi. Ine ndafunsa chabe."

"Koma uja ndi mankhwala, Aphunzitsi. Amachotsa madzi."

"Akanakhala kuti akuchotsa, bwenzi tikuwaona m'botolo muja. Ine botolo lanu ndimaliona tsiku lililonse, silinasinthe."

Ndinapsa mtima, ndawatembenukira msana. Ndapsa mtima chifukwa chimene anenacho ndakhala ndikuchidziwa mwina kuyambira Lachisanu.

Lolemba, pa 10

74.0.

Lero kwaipa. Adokotala abwera ndi namwino wamkulu, achotsa zipepala zonse za sabata pa bedi, aziyala pa bulangete langa.

"Zolowa 800, zotuluka 900, koma munthu wakwera makilo awiri ndi theka. Madziwa akuchokera kuti? Kumwamba?"

Aitana Kachangu. Amufunsa pamaso pa wodi yonse ngati amayezadi kapena amangolemba za m'mutu kuti athane nazo. Iye wati amayeza. Namwino wamkulu wati alembe lipoti, ndipo nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu. Kachangu waima manja kumbuyo. Kenako wandiyang'ana.

"Mayi, pali china chimene mumamwa kupatula cha m'jagi?"

"Ayi."

Ndalemba mawuwo pano kuti ndiziwaona. Ndinati ayi. Aphunzitsi anayang'ana kudenga.

Adokotala akhala m'mphepete mwa bedi, avula magalasi. Ati ngati chipepala chikunena zoona, ndiye kuti mankhwala alephera, ndipo sangadikire kuti madzi adzaze m'mapapo. Lachitatu m'mawa andiika paipi pakhosi, ndiyambe makina. Asiya fomu yoti ndisayine. Ati mawa masana akufuna bambo akhalepo.

Bambo abwera kawiri monga analonjeza. Za makina ndawauza, za Kachangu ayi. Ati, "Tisataye mtima, mayi, tiwonjezera." Tiyi wa masana ndamwa theka. Wa madzulo ndathira mu sinki iwo atapita, ndipo ndalira ngati ndataya munthu.

Ndabwerera m'masamba a kabuku kano. Lachitatu fulasiki, Lachinayi fulasiki, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu. Ine amene sindidula nsalu ya munthu ndisanayeze kawiri, ndakhala ndikulemba umboni ndi dzanja langa, n'kumanamizira kusaona.

Ndikanena, bambo adziwa kuti zala zawo zobayidwa zija ndi zimene zandifikitsa pa mpweya. Ndikapanda kunena, Lachitatu ndi paipi pakhosi, ndipo mwana wa eni ake alangidwa chifukwa cha bodza langa. Ndaganiza zongosiya kumwa mwakachetechete, ndizithira mu sinki tsiku lililonse. Koma tsiku limodzi silingatsitse sikelo mokwanira, ndipo lipoti la Kachangu silingafufutike ndi sinki.

Fomu sindinasayine.

Lachiwiri, pa 11

74.3.

Ndilemba zonse mmene zayendera.

Bambo afika 12 koloko atavala jekete la ku tchalitchi, poti akaonana ndi adokotala. Fulasiki inali m'kati mwa jekete, ndimaiona kutukumuka kwake. Adokotala afotokoza za paipi, za maola anayi, za katatu pa sabata. Bambo amangoti "Chabwino, adokotala, chabwino," chipewa chili m'manja. Kachangu anaima kumbuyo ndi cholembera, maso otupa.

Andipatsa cholemberacho. Ndachigwira, ndachiika pansi.

"Bambo, tulutsani fulasiki."

Andiyang'ana ngati sanamve.

"Tulutsani, bambo. Chonde."

Atulutsa. Ndauza adokotala kuti ndakhala ndikumwa fulasiki imeneyo tsiku lililonse kuyambira Lachitatu, kuti namwino sanalakwitse kalikonse, ndipo dzulo ndinanama. Ndawapatsa kabuku kano aone okha.

Kachangu watenga fulasiki, wakhuthulira m'jagi yoyezera. Tiyi wofiira uja wakwera, wadutsa mzere wanga wofiira, waima pa 1,050.

"N'chiyani chimenechi?" afunsa adokotala.

Bambo afotokoza okha, mawu akuchepa. Za rozi, za vitamini, za mawondo anga. Pomaliza ati, "Ndimati amachotsa madzi."

Ndimayembekeza kuti adokotala akalipa. Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Ati tiyiyo si poizoni, anthu ambiri amamwa ndipo sawavuta, kwa munthu wa impso zabwino ndi chakumwa chabwino ndithu. Koma impso zanga sizisankha kuti awa ndi madzi a pampopi, awa ndi a chikondi. Chilichonse chamadzimadzi cholowa pakamwa chimafunika potulukira.

"Bambo, lita imodzi pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi. Ndi imene mukuiona m'miyendo ndi m'chifuwamo."

Bambo ayang'ana miyendo yanga. Ayang'ana zala zawo.

Adokotala ati andipatsa masiku awiri. Zakumwa 700, chilichonse chilembedwe. Sikelo ikatsika ndipo magazi akapanda kuipa, paipi idikira. Ikapanda kutsika, Lachisanu palibenso kukambirana. Atembenukira kwa Kachangu, amupepesa pamaso pa wodi yomwe ija. Inenso ndamupepesa. Wangoti "Zatha, mayi," koma sanandiyang'ane.

Bambo avala chipewa. Ati, "Ndikachedwa kuntchito." Fulasiki aisiya pa lokala. Madzulo sanabwere.

Lachitatu, pa 12

73.8. Yatsika ndi theka la kilo. Zotuluka 1,150.

Lero ndi tsiku lija ndikanaikidwa paipi. Mayi wa moyang'anana nane amutenga nthawi yake ija. Ndayang'ana njinga yake mpaka yakhota.

Nthawi ya alendo ndakhala maso ali pakhomo kuyambira 12 mpaka belu. Sanabwere. Foni ikungoitana.

Aphunzitsi andipatsa theka la ndimu kuti ndizinyambita ludzu likavuta. Ndawafunsa ngati ndimunso ilembedwe. Aseka mpaka bala lawapweteka.

Lachinayi, pa 13

72.9. Zotuluka 1,300. Mpweya auchotsa masana, ndapuma ndekha. Akakolo 32.

Wabwera mwana yekha. Ndamufunsa za bambo ake, wayamba kukonzakonza za m'lokala zimene zinali zokonzeka kale.

"Iwe, ndikufunsa."

"Amayi, adadi adula zitsamba zija."

"Ziti?"

"Zonse zisanu ndi chimodzi. Lachiwiri lomwelo, ndi chikwanje, opanda magolovesi. Tizipatso touma ataya kudzala. Sakudya. Akuti anatsala pang'ono kukuphani, ndiye abwera ndi nkhope yanji."

Ndamutuma kuti akawauze kuti amene ankameza ndi ine, palibe ananditsina mphuno. Ludzu linali langa, bodza linali langa. Akawauzenso kuti sikelo yatsika, ndipo ngati sabwera ndidzuka ndi miyendo yomweyi kukawatenga.

Mtima ukundipweteka kuposa Lolemba. Zitsamba zija anazibzala chifukwa cha mawondo anga.

Lachisanu, pa 14

72.0.

Magazi sanaipe. Adokotala ang'amba fomu ija pakati, aiponya m'bini. Ati paipi pakadali pano ayi. Sanalonjeze kuti sidzafunika konse, impso zikadali zofooka, ndizibwera mwezi ndi mwezi. Koma sabata ino ayi, ndipo mwina chaka chino ayi.

Asanachoke ndawagwira mkono wa gauni. Ndawaonetsa kampango kaja ka tizipatso, kamene kakhala pansi pa pilo kuyambira Lachitatu loyamba lija. Ndafunsa ngati kapu kakang'ono kamodzi kangaloledwe, kochotsera pa 700 wanga yemweyo.

Andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi inu simumva?"

"Si ludzu, adokotala. Ndi munthu uja."

Ati mamililita 100, wosakhathamira, kamodzi pa tsiku, ndipo alembedwe. Magazi akasintha, asiyidwe tsiku lomwelo. Kachangu wandibweretsera kakapu koyezera, wajambulapo mzere ndi cholembera chake chofiira chija. Lero wandiyang'ana.

Bambo sanabwerebe.

Loweruka, pa 15

71.1. Kwa nthawi yoyamba ndatsika kuposa tsiku lobwera. Akakolo 29 ndi theka. Mphete yalowa.

M'mawa wonse ndasunga 100 wanga. Mapilitsi ndameza ndi kadontho chabe. Aphunzitsi ati ndikuuma ngati nsomba, ndawauza kuti asamale za phazi lawo.

Belu la alendo litatsala mphindi 20, alowa. Chimanjamanja, opanda juzi, opanda jekete, kuti aliyense aone kuti sanabise kanthu. Mikono yonse mikwingwirima ya minga mpaka m'zigongono. Aonda m'masiku anayi okha. Aima kuphazi kwa bedi ngati mlendo wa bedi lina.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka. Khalani pansi, bambo, mpandowu sunakulakwireni."

Akhala. Ndatulutsa kampango, ndakamasula pa bulangete. Tizipatso 23, ndinawerenga. Ataona atembenuza nkhope.

"Tayani zimenezo."

"Sinditaya. Adokotala alola. Kakapu aka, mpaka pamzere, osapitirira. Madzi otentha akupatsani kwa anamwino."

"Ine ayi, mayi. Dzanja langa lisakhudzenso."

"Ndauma kukhosi kuyambira m'mawa kusungira tiyi wanu. Mukakana ndiye kuti ndavutika pachabe."

Ayang'ana tizipatsoto. Kenako atola tiwiri, apita. Abwerera atagwira kakapu ndi manja onse awiri. Akaika pa lokala, agwada kuti diso lifanane ndi mzere, aona kuti wapitirira pang'ono, atapako ndi supuni, atayira mu sinki. Agwadanso. Atapanso.

"Bambo, mumaliza wonse."

"Dikirani, mayi. Sunafike."

Ndamwa pang'onopang'ono. Anali wosuluka, wongofiirira chabe, ndipo anali atazizira. Ndawauza kuti ndi wokoma, ndipo sindinaname.

Kachangu walemba pa chipepala. Bambo apempha kabuku kano ndi cholembera, ati nawonso alembe, poti kuyambira lero woyeza ndi iwo. Zili m'munsizi ndi dzanja lawo.

Tiyi 100. Ndayeza kawiri. Tatsala 21.